Citi Golf ikuthetheka pachitunda: ndigule knock sensor kapena vuto lili pa taimingi?

Bambo a Tadala (Rosettenville):
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi vuto ndi kagalimoto kanga, Citi Golf 1.6i ya 2004. M'mawa imayenda bwinobwino, koma ikangotentha, ndikamakwera chitunda pa giya 3 kapena 4 n'kuponda moto, mu injini mumamveka kaphokoso kothetheka ngati chimanga chokazinga m'phale. Ndikachotsa phazi kamasiya. Pa Stewart Drive pokwera ku Yeoville m'pamene kamamveka kwambiri. Chinanso, ndikaizimitsa ili yotentha, poiliza sitata imayamba yakakamira kaye kenako n'kuzungulira. Mnyamata wina wa kompyuta waiyeza, wapeza nambala 00524, akuti knock sensor, kachipangizo komvera kuthetheka kwa injini, yafa ndigule ina. Ndati ndifunse kaye kuno ndisanatulutse ndalama. Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi ku Balaka ndi banja lonse.

Mjomba wa ku Tembisa:
Pepani achimwene. Injini ikayamba kugogoda ndiye basi, ikunoka imeneyo. Igulitseni msanga isanakufereni m'manja, kumudzi mupite pa basi.

Nachisale (Cosmo City):
Inu a Mjomba, munthu wabwera kudzapempha nzeru, inu mwayamba kale kulira maliro galimoto ikadali moyo?

aPhiri a ku Booysens:
Bambo a Tadala, musathamangire kusitolo. A Mjomba, phokoso mukunenalo ndi lina. Injini imene yadya mabering'i imagogoda mozama, gu-gu-gu, cha pansi ku sampu, ndipo imamveka ngakhale galimoto ili chiimire mukangoiponda pang'ono n'kusiya. Kawirikawiri nyali ya oyilo imaphethira injini ikatentha, ndipo mukazula waya wa pulagi ya silinda yodwalayo phokoso limachepa. Zomwe akufotokoza bambowa ndi kaphokoso kopyapyala, kapamwamba, kobwera pokhapokha injini ikamakoka. Ameneyo ndi petulo akuphulika yekha mu silinda.

Pulagi ikayatsa, moto umayenera kuyenda mwadongosolo kuchokera pa pulagipo mpaka m'mphepete mwa silinda. Moto ukayatsidwa msanga kwambiri, pisitoni ikadali kutali pokwera, mpweya ndi petulo zotsala m'mphepetemo zimapanikizika n'kutentha mpaka kuphulika zokha moto usanazifike. Kuphulikako n'kumene kumaliza chitsulo. Kwa kanthawi kochepa sikupha injini, koma kukapitirira kumadya m'mphepete mwa pisitoni, kuthyola maring'i ndi kuwotcha gasiketi ya hedi.

Tayankhani izi kaye. Alipo amene anagwira distributor, chogawira moto ku mapulagi, posachedwapa? Lamba wa taimingi anasinthidwa liti? Mumathira petulo wa octane 93 kapena 95? Hedi inapalidwapo?

Bambo a Tadala (Rosettenville):
Zikomo madala. Lamba anasintha mu Juni makaniko wina wapamsewu chakuno kwathu. Nthawi imeneyo galimoto inali itayamba kale ulesi, yosakoka, mafutanso ikumwa kwambiri. Nditamudandaulira anamasula kabawuti ka distributor, n'kumaipotoza pang'onopang'ono injini ikulira, akumvetsera. Titaiyesa pamsewu inakoka bwino zedi moti ndinamuonjezera ya drinki. Nyengo yozizira yonse kunalibe phokoso, layamba mu Okutobala muno kutatentha. Ndimathira 93. Hedi chiigulire sinatsegulidwepo.

Yamikani wa Mawaya (Kempton Park):
Ndilowepo pa mbali ya magetsi. Pa VW nambala 00524 ndi ya knock sensor inde, imene iwo amaitcha G61, koma kompyuta sinena kuti sensa yafa. Ikunena kuti uthenga wochokera kumeneko sukufika bwino. Chodula uthengawo chikhoza kukhala sensa, soketi, waya, ngakhale bawuti yomangira. Pa magalimoto a zaka ngati zimenezi, ambiri amene ndawatsegula vuto limakhala waya.

M'kati mwa sensa muli kamwala kamene kakagwedezeka kamatulutsa magetsi pang'ono kwambiri. Sikalandira magetsi kuchokera ku batire, kamapanga kokha. Kuphulika kumene akunena aPhiri kumanjenjemeretsa buloko maulendo pakati pa 5,000 ndi 8,000 pa sekondi imodzi, ndipo kompyuta ikamva zimenezo imachedwetsa moto pang'ono, phokoso likatha n'kumaubweza pang'onopang'ono. Poti timagetsito n'tochepa, waya wake amakutidwa ndi kaukonde ka chitsulo kotchinga magetsi osokoneza ochokera ku koyilo ndi mawaya a mapulagi. N'chifukwa chake soketi ili ndi mano atatu: awiri a uthenga, limodzi la kaukondeko. Pa Citi sensa ili kutsogolo kwa buloko, mbali ya ladiyeta, pamalo pamene pamatentha komanso pamadontha oyilo. Mpira wa wayayo umauma n'kusweka, madzi n'kulowa.

Tsono chofunika apa ndi ichi. Kompyuta ikaona kuti sikumvanso kuchokera ku sensa, imadziteteza pochedwetsa moto nthawi zonse. Galimoto imachita ulesi, imamwa mafuta, ekizozi imatentha. Si zimene munaziona isanafike Juni zija?

aPhiri a ku Booysens:
Eyaa, mwana wanga wafika penipeni. Nkhani yonse yalumikizana tsopano. Waya anayamba kudwala, kompyuta inachedwetsa moto, galimoto n'kuchita ulesi. Makaniko wanu uja m'malo mofufuza chimene chabweretsa ulesiwo anapotoza distributor kuti moto ufulumire. Mphamvu inabwereradi, koma tsopano muli ndi matenda awiri amene akubisana. Moto wafulumira mopitirira, ndipo choumva kuti wapitirira sichikugwira ntchito. Mu Juni mpweya wozizira unkakubisirani. Sitata yokakamira ija ndi umboni winanso: pulagi ikuyatsa pisitoni isanafike pamwamba, ndiye ikukankhidwira m'mbuyo.

Ndiye chenjerani ndi ichi. Mukangogula sensa yatsopano n'kumanga, distributor osaibweza, kompyuta ibweza madigiri onse amene inachotsa aja, kuphatikiza pa amene anaonjezera makaniko. Izikhalira kulimbana ndi kuphulika ulendo wonse, ndipo ili ndi malire a madigiri amene ingachotse. Mudzabwera pano kudzatukwana kuti anakugulitsani sensa yabodza.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Aaa madala mukuchulutsa gaga m'diwa. Big man, thirani 95 ndi kabotolo ka octane booster, phokoso litheratu lero lomwe. Ine Polo yanga ndinangomasula sensayo n'kuimangirira pambali ndi waya, mpaka lero ikuuluka.

Yamikani wa Mawaya (Kempton Park):
Aise, zimenezo usamaphunzitse anthu. Sensa yolendewera siimva kanthu, ndiye kompyuta mwina iganiza kuti zonse zili bwino injini ikudzidya, kapena iona kuti kwachita zii mopitirira n'kulemba nambala yomweyo n'kuchedwetsa moto. Konseko waluza. Za 95 ndikuvomera theka: achepetsa phokoso, ndipo Bambo a Tadala athire ameneyo kuyambira lero mpaka galimoto ikonzedwe. Koma sakonza taimingi.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Chabwino profesa. Koma ikuuluka.

Che Amidu (Mayfair):
Salaam nonse. Ine si makaniko, ndimangoyenda msewu wa kumudzi ndi katundu wa anthu, koma mawu oti Balaka andidzutsa. Bambo a Tadala, ngati galimoto ikuthetheka kuno ku Joni, musayerekeze kutsika nayo momwemo. Kuno tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, injini siidzaza bwino, n'chifukwa chake mafiling'i a kuno amagulitsanso 93 pomwe ku Durban ndi ku Cape Town mumapeza 95 yekha. Galimoto yoti taimingi yake ndi yolakwika imakhululukidwa kuno. Mukangodutsa Louis Trichardt n'kutsika mapiri aja kulowera ku Musina, mwatsika mamita oposa 1,000 kuchokera kuno ku Joni, kutentha n'kumene kumeneko. Harare mukweranso, ipumako. Koma mukadutsa Nyamapanda kulowa Mozambique, Tete ali pansi penipeni m'mbali mwa Zambezi, sapitirira mamita 200, ndipo dzuwa la Disembala kumeneko mukulidziwa. Mpweya wolemera, wotentha, galimoto yodzaza anthu ndi zikwama, padenga pali katundu, kenako muyambe kukwera kuchokera ku Moatize mpaka ku Zobue. Pamenepo ndi pamene ndimapeza abale athu atatsegula boneti, nthunzi ili tolo, ana ali pansi pa mtengo.

Amakonda kunena kuti petulo wa ku Mozambique ndi woipa. Mwina wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu, uyo inde musathire. Koma ambiri vuto analinyamula okha kuchokera kuno.

aPhiri a ku Booysens:
Che Amidu anena zoona zokhazokha. Ndipo ife amakaniko akale tili ndi mbali yathu pa nkhaniyi. Pa magalimoto a kabuleta chinali chizolowezi kuno kuonjezera madigiri awiri kapena atatu pa zimene buku likunena, kuti galimoto ipezeko mphamvu zimene mpweya wopepuka walanda. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 pa 100 ya mphamvu zake kuno poyerekeza ndi kunyanja. Kwa galimoto yongozungulira Gauteng zinalibe vuto. Koma magalimoto omwewo ndi amene abale akugula n'kutumiza ku Mangochi, ku Salima, ku Nsanje, malo otsika ndi otentha. Aliyense wotumiza galimoto ya kabuleta kumudzi, aibwezeretse pa nambala ya m'buku isananyamuke.

Nachisale (Cosmo City):
Paja amati safunsa anadya phula, ndifunse nawo. Ine ndili ndi Tazz 130, imene ndimanyamulira katundu wa pa shopu. Nayonso imathetheka pang'ono ndikadzaza. Makaniko wina anandiuza kuti ndimupatse ndalama akagule knock sensor. Ndiye nanenso ndi waya womwewo?

Yamikani wa Mawaya (Kempton Park):
Achemwali, Tazz 130 ndi injini ya 2E, ya kabuleta. Ilibe knock sensor. Munthuyo mumufunse akulozereni ndi chala pamene akaimange.

Nachisale (Cosmo City):
Iii! Ndiye ndalama zanga zikanapita kuti? Mulungu amuone.

aPhiri a ku Booysens:
Mayi, yanuyo n'njosavuta. Pa galimoto yopanda kompyuta moto umayendetsedwa ndi zinthu ziwiri mu distributor momwemo. Pansi pa rotor pali tizitsulo tiwiri tolemera tokhala ndi masipuling'i. Injini ikamathamanga timatambasuka n'kufulumizitsa moto. Pambali pali kachitini kolumikizidwa ndi kapaipi kochokera ku kabuleta, kamene kamafulumizitsa moto mukamayenda mopepuka n'kuubweza mukaponda kwambiri. Masipuling'i akatopa moto umafulumira msanga. Mbale ya m'kati ikachita dzimbiri imakakamira kutsogolo osabwerera. Kuyesa kwake: chotsani chivindikiro cha distributor, potozani rotor ndi zala, iyende pang'ono n'kubwerera yokha mukaisiya. Kenako yamwani kapaipi kaja ndi pakamwa, muone ngati mbale ikusuntha, mutseke ndi lilime, isabwerere mpaka mutachotsa. Poika taimingi kapaipiko amakazula n'kukatseka. Nambala yake muone m'buku kapena pa kapepala komata pansi pa boneti ngati sikanayobeke.

Ngati zonsezo zili bwino koma ikuthethekabe, ganizirani mwaye. Galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi imaunjika mwaye pamwamba pa mapisitoni, malo amachepa, kupanikizika kumakwera. Onaninso mapulagi ngati ali nambala yoyenera, poti pulagi yotentha kwambiri imabweretsa zomwezo, komanso ngati sipakulowa mpweya wakuba pa gasiketi ya manifodi kapena pansi pa kabuleta. Petulo akachepa mu msakanizo injini imatentha m'kati.

Mayi a Favour (Diepsloot):
Pepani ndalowerera. Che Amidu munyamuka liti? Ndili ndi firiji ndi mabokosi awiri opita ku Liwonde.

Oyang'anira gulu:
Mayi a Favour, za katundu kambiranani kumbali chonde. Tisasokoneze nkhani ili pano.

Mjomba wa ku Tembisa:
Chabwino ndamva, sinanoke. Nanga Nissan 1400 yanga, ndikazimitsa kiyi imapitiriza kulira, ga-ga-ga, kugwedezeka thupi lonse, kenako n'kuzima ndi kutsokomola. Nayonso ndi taimingi?

aPhiri a ku Booysens:
Kiyi ikazima mapulagi alibenso moto, ndiye chimene chikuyatsa petulo ndi china: mwaye wofiira ndi kutentha, kapena nsonga ya pulagi. Kawirikawiri zimachitika injini ikamalira mokwera kwambiri ili chiimire, chitseko cha kabuleta chili chotsekuka mopitirira. Taimingi imalowapo motere: moto ukachedwa injini imatentha m'kati ndipo imalira mofooka, ndiye munthu amakweza sikuluwu ya idling kuti isazime, mapeto ake ndi amenewo. Ngati yanuyo ikadali ya mapointi, dziwani kuti kachidendene ka mapointi kakamadyeka mpata umachepa, moto n'kumachedwa wokha popanda wogwira distributor. Muyambe mwaika mpata wa mapointi, taimingi pambuyo. Mukatembenuza ndondomekoyi mwagwira ntchito yachabe.

Bambo a Tadala (Rosettenville):
Ndathira 95 madzulo ano, phokoso lachepadi koma silinathe. Ndiye tiyambire pati? Sensayo pali njira yoiyezera ndisanagule? Wina kuntchito akuti umangomenya buloko ndi sipanala.

aPhiri a ku Booysens:
Njira ya sipanala ilipo ndipo ine ndaigwiritsa ntchito zaka zambiri. Injini ikulira, tochi ya taimingi (nyali yophethira pulagi ikamayatsa) ikuunika pa chizindikiro cha taimingi, wina amenye buloko pang'onopang'ono pafupi ndi sensa, osati pa sensa penipenipo. Chizindikiro chikabwerera m'mbuyo ndiye kuti ikumva.

Yamikani wa Mawaya (Kempton Park):
Madala, apa ndikutsutsani pang'ono mwaulemu. Chizindikiro chikasuntha, inde sensa ili moyo. Koma chikapanda kusuntha sizitanthauza kuti yafa. Makompyuta ambiri amamvetsera kanthawi kochepa chabe pisitoni ikangodutsa pamwamba, ndipo ena samvetsera n'komwe injini ikamalira pansi ili chiimire. Sipanala yanu ikamenya nthawi ina kompyuta siilabadira. Anthu ataya masensa abwino chifukwa cha mayeso amenewa.

Ine ndimachita chonchi. Ndimazula soketi n'kuyang'ana m'kati ngati muli zobiriwira kapena oyilo. Ndimatsata waya ndi zala mpaka pamene walowa mu mtolo waukulu, ndikumupinda pang'onopang'ono kuti ming'alu ionekere. Ndimayeza ndi mita kuchokera pa soketi mpaka ku kompyuta, waya aliyense payekha, komanso kuti asakhudzane wina ndi mnzake kapena ndi kaukonde kaja. Sensa yeniyeniyo ndimaika mita pa AC, pa mamilivoti, n'kugogoda bawuti yake pang'ono. Nambala ziyenera kudumpha. Pa ma ohm sensa ya mtundu uwu siionetsa kanthu kwenikweni, ndiye musaiweruze pamenepo. Komanso mukalumikiza kompyuta, kiyi ili on injini isanalire, onani sensa ya mpweya ya pa manifodi. Kuno ku Joni iyenera kuwerenga cha m'ma 820 kapena 830 mbar. Ikanama pamenepo, petulo ndi moto zonse zimasokonekera.

aPhiri a ku Booysens:
Ndavomera za sipanala, ana a masiku ano muli ndi zida. Koma khutu musalinyoze. Ndikamaliza ndi tochi ndimapitabe pachitunda, giya yapamwamba, liwiro lochepa, n'kuponda mpaka pansi windo lili lotsegula. Buku linalembedwera injini yatsopano. Injini yoti hedi inapalidwa kawiri nthawi zina imafuna kuibweza digiri imodzi kapena awiri kuposa za m'buku, ndipo zimenezo tochi singakuuzeni.

Yamikani wa Mawaya (Kempton Park):
Kumaliza ndi khutu ndilibe nazo vuto. Kuyamba ndi khutu ndi kumene kwawafikitsa apa Bambo a Tadala.

Gondwe (Randburg):
Ndaitsatira nkhaniyi mwachidwi. Kwa amene ali ndi Corolla kapena Conquest za fuel injection za m'ma 1990, simufunika kulipira munthu wa kompyuta. Mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tsegulani kiyi, muwerenge kuphethira kwa nyali ya injini pa dashibodi. Kasanu, kupuma, kenako kawiri, ndiye 52, ya knock sensor pa injini zimene zili nayo. Kawaya komweko kamafunikanso poika taimingi: pa injini ya 4A-FE ndi madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba, TE1 ndi E1 zili zolumikizidwa. Popanda kawayako kompyuta imasewera ndi moto ndipo muika zolakwika. Ma RunX ndi ma Corolla otsatira alibe distributor, palibe chopotoza, nambala zake ndi za P0325 ndi zinzake.

aPhiri a ku Booysens:
Zikomo a Gondwe, ndipo pa Citi ya injection ndi chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa kawaya pamafunika makina. Injini ikamalira ili chiimire kompyuta imasunthasuntha moto kuti isazime, ndiye mukaunika ndi tochi chizindikiro chimangovina. Muyenera kuilowetsa mu basic setting ndi VCDS, pulogalamu ya pa laputopu yoyezera ma VW, kapena makina ena odziwa VW, injini itatentha bwino, fani isakuzungulira, magetsi onse ozimitsa. Pamenepo moto umaima malo amodzi. Chizindikiro sichili pa pulley ayi, chili pa flywheel. Pamwamba pa giyabokosi pali chitsekerero cha pulasitiki, mukachotsa mumaona flywheel pabowopo. Samalani, pali zizindikiro ziwiri: ka 0 ndi pamene pisitoni ili pamwamba penipeni, ndipo kamzera kakuthwa pambali pake ndi madigiri 6, pamene moto uyenera kukhala. Ambiri amasokoneza ziwirizi.

Koma popeza lamba anasinthidwa, ine ndiyamba ndaona zizindikiro za lambayo injini ili yozima. Injini imeneyi ili ndi shafiti yapakati yoyendetsedwa ndi lamba yemweyo, imene imazunguza distributor ndi pampu ya oyilo. Gudumu lake limatembenuka mosavuta lamba akachotsedwa, ndipo amakaniko othamanga amayang'ana za crank ndi cam zokha. Likaphonya dzino limodzi mavalavu sawonongeka, koma rotor siloza pa kamzera ka silinda 1 pa mlomo wa distributor. Cam ikaphonya dzino ndiye nkhani ina, galimoto siikoka ngakhale mutaika moto molondola bwanji.

Bwerani nayo Loweruka m'mawa. Yamikani, ubwere ndi laputopu yako, basi ya Kempton ndikubwezera.

Che Amidu (Mayfair):
Muonenso za madzi muli pomwepo. Pa Beitbridge mu Disembala mukhoza kuima pamzere maola ambiri dzuwa lili pamutu. Fani ikhale yoyaka yokha, osati ija yolumikiza ndi waya pa batire. Thermostat ngati anachotsa ibwerere. Ndipo amene muli ndi za kabuleta kumbukirani kuti petulo wa ku Zimbabwe ndi wa kumudzi amasakaniza ndi ethanol, kwathu anayamba kale mu 1982 ndi uja wa ku Dwangwa. Ethanol payekha amathandiza kuti injini isathetheke, koma kabuleta siidziwa kuonjezera petulo yokha, ndiye galimoto imene inaikidwa kuti izimwa pang'ono kwambiri kuno imakaonda msakanizo kumeneko, mpweya utachulukanso chifukwa chotsika.

Bambo a Tadala (Rosettenville):
Abale, ndabwera ndi lipoti la Loweruka. Yamikani atangopinda waya wa sensa cha pafupi ndi fyuluta ya oyilo, mpira unangoti phwa, m'kati kaukonde konse kobiriwira, kodukaduka, waya mmodzi atatsala ndi tiulusi tiwiri. Sensa ataiyeza ndi mita inali ikudumpha bwinobwino. Wadula gawo lowolalo, waika waya wina wokutidwa ndi soketi ya ku scrapyard, wawotcherera. Atamasula sensa tapeza pansi pake pali dzimbiri ndi washa amene wina anaikapo kale. Apala pabuloko mpaka kuwala, washa ataya, amanga ndi torque wrench pa 20 Nm. Ine ndimafuna kuonjezera ndi dzanja kuti ilimbe, madala anandimenya pa mkono.

Shafiti yapakati inalidi itaphonya dzino, cam inali bwino. Koma tisanakonze aPhiri anati tiunike kaye tione pamene moto unali. Mu basic setting, pa tochi yawo ya nambala, unali pa madigiri 15. Abweza lamba, aika pa 6, afufuta nambala ija, tazungulira mpaka ku Yeoville kukwera Stewart Drive anthu atatu m'galimoto, giya 4. Zii. Nambala sinabwerere. Sitata ikuzungulira mopepuka ngakhale itatentha.

Nachisale (Cosmo City):
Ndiye sensa yatsopano simunagule n'komwe?

Bambo a Tadala (Rosettenville):
Ayi achemwali. Ndagula mapulagi anayi basi ndi nkhuku ya madala.

aPhiri a ku Booysens:
Mapulagiwo nditchulepo, poti ena akuwerenga. Ya silinda 3 inali ndi timadontho ting'onoting'ono totuwa pa dongo loyera lija. Timeneto ndi aluminiyamu wochoka pa pisitoni. Tayeza compression, masilinda onse anayi ali pafupipafupi, ndiye tinganene kuti yapulumuka, koma inali itayamba kudyeka. Bambo a Tadala, muziona oyilo sabata iliyonse mpaka ulendo, ndipo mukayenda makilomita 500 mubwere ndidzazulenso pulagi imeneyo. Za bawuti ija: sensa ya mtundu wa mphete imamva kudzera pa kupanikizika kwa bawutiyo. Mukalimbitsa mopitirira mumafinya kamwala ka m'kati, mukalekerera imamva zolakwika. Washa, girisi kapena silikoni pansi pake ayi.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Koma big man nenani zoona, pano ikukoka ngati kale? Pa 15 paja inali moto.

Bambo a Tadala (Rosettenville):
Ponyamuka pa maloboti kale inkadumpha kwambiri, sindinama. Koma pa M2 pano ikupita bwino kuposa kale, ndipo singano ya kutentha yatsikako. Za mafuta ndinena thanki ikatha.

Yamikani wa Mawaya (Kempton Park):
Aise wa ku Ndirande, Polo yakoyo ubwere nayo timange sensa pamalo pake. Ndikuonetsa pa laputopu madigiri amene kompyuta ikukudyera, uone wekha.

Che Amidu (Mayfair):
Pa Musina mudzadzaze 95 mpaka pakamwa. Tete mudzadutse m'mamawa, ndipo pokwera ku Zobue musaumirire giya 5, tsitsani injini izizungulira momasuka. Ngati masiku agwirizana tidzatsatane, ine ndimanyamula chingwe chokokera.

Mjomba wa ku Tembisa:
Madala, nanga 1400 yanga ndibwere nayo liti? Dzulo yandichititsa manyazi pa tchalitchi, ndatsika ndatseka chitseko iyo ikadali ga-ga-ga.

aPhiri a ku Booysens:
Loweruka likubwerali, isanakwane 9 koloko. Mugule mapointi ndi condenser, mubwere nazo. Sikuluwu za kabuleta musazigwire mpaka ndiione.